Taonga ndi Mchenga wa ku Kigamboni

Ana anga ndi adzukulu anga, mutu uno ndauzengereza kuposa ina yonse, chifukwa mkazi wanga, amake Esnart, akuti ndikaulemba ndidzadzikometsera. Ndayesetsa kuti ndisatero. Ndi nkhani ya tchuthi chimodzi chokha chimene ndinakaona nyanja yamchere pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya zaumoyo. Koma kuti mumvetse chimene chinachititsa munthu wamkulu ngati ine kukakangana ndi mchenga m'dziko la eni, ndiyenera kuyamba ndi ntchitoyo.

1986

Nditamaliza maphunziro ananditumiza ku kiliniki ina yakumudzi cha ku Serenje, kutali ndi kwathu ku Petauke. Ntchito yanga inali kuyang'ana zitsime, zimbudzi ndi nyama yogulitsa pamsika. Ndinafika ndi jekete loyera ndi mtima wodzikweza, ndipo mwezi woyamba ndinautha ndikumata zithunzi za ntchentche pamakoma. Mkulu wa kilinikiyo anali mayi wachiBemba, Sisita Mulenga, wamfupi, wamawu ngati belu la sukulu. Tsiku lina anandipeza ndikumata chithunzi china, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ba Daka, iyo nchenche ya pa pepala siluma muntu," anatero. "Muyende ku manyumba. Munkale pansi, mumwe manzi yao, ndiye mukambe."

Ndinakwiya, koma ndinapita. Kuyambira tsiku limenelo mpaka kupuma ntchito, ofesi yanga inali pakhomo pa anthu. Mayi ameneyu anamwalira kalekale, koma ndikamalankhula mokweza amake Esnart amati ndi Sisita Mulenga amene wadzuka.

1993

Anandisamutsira ku Kabwe, ndipo ndinayamba ndi komboni ya Makululu. Amene simunafikeko, dziwani kuti kumeneko nyumba zinamera zokha popanda wozifola, ndipo mvula ikagwa chitsime ndi chimbudzi zimapatsana moni. Anatipatsa njinga yamoto imodzi anthu atatu, koma mafuta ake ankabwera mwa apo ndi apo, kotero kuti njingayo inakalamba itatsamira khoma ife tikuyenda pansi. Mankhwala othira m'zitsime ankatha nthawi imene matenda otsegula m'mimba afika pachimake. Bwana wathu wa nthawiyo, munthu wabwino koma wamantha, yankho lake linali limodzi: "Tizaona next week." Tinkangomutcha dzina lomwelo. Zaka zimenezi ndiye tinalera ana athu awiri, Esnart ndi mng'ono wake Tisa, m'kanyumba ka lendi ku Ngungu.

2004

Ku Chowa, ku Kabwe komweko, ndi kumene ndinapeza ntchito imene inandidya moyo wonse. Komboni imeneyi ili pafupi ndi mgodi wakale. Mgodiwo unatsekedwa, koma unasiya mulu waukulu wa zotsalira, ndipo m'dothi la m'makomo muli mtovu, umene ife pantchito tinkangouti ledi. Suoneka, sununkha, koma mwana akamasewera pansi n'kuika zala m'kamwa umalowa m'magazi, n'kumamudya nzeru pang'onopang'ono. Ntchito yanga inali kuyenda khomo ndi khomo kuuza amayi kuti aziwaza madzi asanasese, azibzala kapinga pabwalo, ana azivala nsapato ndi kusamba m'manja. Ndinalalikira uthenga umenewu mpaka amayi a ku Chowa anandipatsa dzina lakuti Ba Fumbi. Ana akandiona patali ankadzuka pansi n'kumadzikuntha.

Si onse amene ankandilandira. Mayi wina wogulitsa makala anandiyankha ali chigwirire tsache: "Ba Fumbi, manzi yokumwa tigula pa kontena. Manje imwe mufuna nizimwesa doti? Doti ni mwana wanga?" Chimene ndinatha kuchita n'kukonza pakhomo panga. Titagula nyumba ku Chowa komweko, ndinapala dothi lonse lapamwamba, ndinabweretsa lina kuchokera kutali, ndinabzala kapinga mpaka pachipata. Alendo a ku likulu akabwera kudzaona ntchito yathu ankawatengera kwathu. Ndinkanyadira bwalo limenelo kuposa satifiketi yanga.

2014

Esnart anatisiya atadwala nthawi yochepa. Za maliro ake sindilemba pano, mtima sukulola. Anasiya mwana wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda, Taonga. Bambo wa mwanayo anapita kumigodi ya kumpoto kukafuna ntchito, ndipo kunali kupita komweko. Choncho Taonga anakulira m'manja mwathu, ndipo ngakhale ankagona kumbuyo kwa agogo ake aakazi, masana anali wanga. Ankanditcha Ambuye, monga timaitanira agogo kwathu ku Petauke. Ndinamulera ndi malamulo a ntchito yanga onse: osaponda pansi wopanda nsapato, osakhala padothi, chogwa pansi chapita. Mwanayo anawagwira malamulowo kuposa amayi onse amene ndinawaphunzitsa. Ankaima pachipata n'kumakalipira ana a aneba: "Imwe, nyamukani! Ambuye bakamba ati doti ili na poizoni!" Ine ndinkaseka, mtima uli mbee.

Atayamba sukulu aphunzitsi anati amaiwala msanga, ndipo kawirikawiri ankadandaula m'mimba. Ndinamutengera kokayezetsa magazi ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti mdzukulu wa Ba Fumbi sangapezeke ndi kanthu. Anamupeza ndi mtovu, wochuluka. Dokotala, mnyamata amene ndinamuona akuyamba ntchito, anachita manyazi kundiuza zimene ndinkadziwa kale, kuti mankhwala atsitsa mtovuwo, koma mwana akabwerera mumpweya womwewo udzakweranso. Kapinga wanga ankathera pachipata. Msewu wa kusukulu, bwalo la tchalitchi ndi mphepo ya Ogasiti sizinali zanga.

Tisa nthawi imeneyo anali atakwatiwa ku Tanzania ndi Selemani, mwamuna waulemu wogwira ntchito kudoko, ndipo ankakhala ku Kigamboni, tsidya lina la mzinda wa Dar es Salaam. Atamva za magaziwo anaimba foni. "Atate, nipaseni mwana. Ni mwana wa sisi wanga, ni wanga." Pamwambo wathu ankanena zoona. Kwa ife mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mayi akamwalira mng'ono wake ndiye mayi. Amake Esnart ndi Tisa akanatha kugamula okha osandifunsa. Sanatero, chifukwa ankadziwa kuti mwanayo sangapite kulikonse popanda mawu anga. Ndipo mawu anga anali akuti ayi. Ndinali nditaika kale mwana mmodzi m'manda, ndipo Taonga akaseka ndinkamva Esnart.

2019

Chaka chopuma ntchito anandipatsa tchuthi changa chomaliza, chachitali, ndipo Tisa anati tipite tikapume kunyanja. Ndinanena poyera kuti tikupita atatu ndipo tidzabwera atatu. Amake Esnart anangoti, "Nanga ndani wakamba vina?" n'kupitiriza kulongedza. Ndinaona kuti chikwama cha mwana chikulemera kuposa cha munthu wopita kutchuthi.

Tinakwera sitima ku Kapiri Mposhi. Ulendo wake ndi wautali moti munthu umayamba kudziwana ndi ana a anthu ena ndi matenda awo. Titafika, Selemani anatilandira n'kutikweza pantoni, chombo chachikulu chowolotsa anthu, njinga ndi magalimoto pakamodzi. Kuwoloka kwake n'kwa kanthawi kochepa, koma kutsidyako ndi dziko lina. Phokoso la mzinda linatsalira kumbuyo. Tinalowa m'kagalimoto ka matayala atatu kamene amakatcha bajaji, tinasiya msewu wa tara, n'kuyamba tinjira ta mchenga woyera pakati pa migwalangwa ya kokonati. Zitseko zinali zotsegula. Amuna anali atakhala pansi pa mtengo akusewera bawo dzuwa lili pamutu, tsiku la ntchito, ndipo palibe amene ankaoneka kuti akudziimba mlandu. Ine amene ndinazolowera anthu a ku Kabwe othamangira maminibasi ndinafunsa Selemani ngati kunali maliro. Anaseka. Chinyanja chake anachiphunzira kwa madalaivala a malole kudoko, ndiye chinali cha mumsewu. "Awe, mudala, kuno ni so chabe. Nsomba bagwila kuseni, manje bapumula." Tisa anamutsina kuti asanditchule mudala, koma ine zinandikomera.

M'mawa mwake tinapita kunyanja. Ndinavala nsapato zanga zakuda za kuntchito ndi masokosi, Taonga anavala za kusukulu. Chimene ndinaona poyamba chinandidabwitsa: madzi anali kutali, mabwato atagona cham'mbali pamchenga wonyowa, amayi akutola tinkhono pamene panayenera kukhala nyanja. Ndinamvera chisoni anthuwo, ndinati chilala chafika mpaka kuno. Selemani anandifotokozera kuti madziwo amachoka n'kubwerera okha tsiku lililonse, ndipo ndinamukhulupirira pokhapokha nditawaona akubwera masana. Ng'ombe zinkayenda m'mphepete mwa madzi popanda mbusa. Munthu wina anatidulira kokonati wamuwisi ndi chikwanje, tinamwa madzi ake, ndipo amake Esnart anati akoma ngati munkoyo wosasasa, chakumwa chakwathu.

Kenaka ndinachita chinthu chimene ku Kigamboni akuchikambabe. Pafupi nafe panali mayi atakhala pansalu, khanda lake likukwawa pamchenga. Ndinaona khandalo likutapa mchenga n'kuulowetsa m'kamwa. Sindinaganize n'komwe. Miyendo inanditenga yokha, ndinagwada, ndinagwira kadzanjako n'kuyamba kukapukuta ndi mpango wanga, uku ndikukalipira mayiyo m'Chinyanja kuti mwana adwala. Mayiyo analanda mwana wake n'kukuwa, anthu anayamba kusonkhana, ndipo mnyamata wa chikwanje uja anayandikira kuposa mmene ndikanafunira. Tisa anathamanga n'kuyamba kufotokoza m'Chiswahili, akuloza ine, akuloza pansi. Sindinamve mawu ake, koma ndinaona nkhope ya mayiyo ikusintha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana Taonga, nati, "Pole, babu." Tisa anati akundipepesa. Ine ndi amene ndinalakwa, koma wopepesedwa ndinali ine, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Nditacheuka ndinaona chimene mayiyo anaona. Ana a kumeneko anali paliponse, ena akukumba maenje, ena akukwirira mnzawo mpaka m'khosi. Pakati pawo panaima Taonga, nsapato zomanga bwino, manja atawapinda pachifuwa kuti angakhudze kanthu. Maso ake anali odzaza mantha. "Ambuye, muwaletse," anatero. "Bazadwala bonse." Tisa anavula nsapato zake namuitana, agogo ake aakazi anakhala pansi namuitana, koma iye anangopukusa mutu. Anaima choncho mpaka dzuwa linapendeka. Miyendo itatopa anabwera n'kukhala pamwamba pa nsapato zanga, mapazi ake atawakweza.

"Atate, onani mwana," anatero Tisa motsitsa mawu.

"Namuona. Ni mwana womvela."

"Ali na seven years, atate. Sanakumbepo dzenje na kamozi. Simunalakwe, mwamusunga. Koma kuja mungamusunge chabe so, oimilila."

Ndinanyamula mwana n'kubwerera kunyumba.

Masiku otsatira ndinachita chimene ndimadziwa. M'mawa uliwonse ndinkagwira Taonga padzanja n'kuyendera dera lonselo, ndikunena kuti tikuona malo, koma zoona zake ndinkafuna zifukwa. Tinapita kumene amagulitsa nsomba zongotsika m'bwato, ndinawerenga ntchentche ndi maso. Tinasuzumira m'chitsime cha aneba. Tinadutsa pasukulu, ndinapempha kuona zimbudzi, mlonda anandilola poganiza kuti ndine wa boma. Tinapeza katchalitchi ka Akatolika kumapeto kwa kanjira kena, ndipo ndinakhumudwa pang'ono chifukwa ndinkayembekeza kudandaula kuti mwana adzasowa kopemphera. Vuto linali lakuti malowo ankandikopa ndikuwafufuza. Mayi wokazinga chapati pakona anayamba kutisungira ziwiri zotentha. Akuluakulu a bawo aja anandikhazika pansi, anandigonjetsa katatu, n'kundipatsa khofi wowawa m'kakapu kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo. Munthu aliyense ankapereka moni ngati alibe kopita. Madzulo kamphepo kankachokera kunyanja, ndipo ndinadzipeza ndikukapuma ndi chifuwa chonse, chinthu chimene ku Chowa sindinkachita.

Komabe zifukwa ndinazipeza, ndipo ndinakazitula kwa amake Esnart ali pakhonde akusenda chinangwa. Ndinati kuno kukutentha, udzudzu ndi wambiri, ntchentche za kumsika sizikusamalidwa, ndipo mwana sadziwa chilankhulo.

"Chilankhulo azaphunzila, ni mwana," anatero osakweza mutu. "Uzuzu uli na neti. Nanga mphepo ya Ogasiti, atate ake Esnart, muli nayo neti yake?"

"Imwe simuzamusowa?"

Apo anaika mpeni pansi. "Nine ninamubeleka kumusana. Muganiza nili na mutima wa mwala? Nalila kale ine, ku Kabwe, pamene nenze kulonga vovala vake. Imwe ndimwe mwasalila."

Pazaka zonse za ukwati wathu mayi ameneyu sanandiposepo mawu mofatsa chotero. Ndinamva chisoni chimene ndinalibe pochiika. Ndinkafuna mwanayo akhale pafupi nane. Ndinkafunanso akule ndi mutu wake wonse. Ziwirizi sizikanatheka pamodzi, ndipo munthu amene ankadziwa bwino zimenezi kuposa onse pabanjapo ndinali ine.

Mawa lake ndinatenga Taonga tokha awiri kupita kunyanja madzi atachoka. Ndinamasula zingwe za nsapato zanga, ndinavula masokosi, n'kuponda. Mapazi anga anali otuwa ngati a munthu wogonekedwa m'chipatala. Kenaka ndinakhala pansi, thalauza la kutchalitchi lomwelo. Mwanayo anatsegula pakamwa.

"Ambuye! Muzadwala!"

"Sinizadwala, mama. Iyi doti ni inangu. Kuno kulibe mugodi."

"Mwapima?"

"Nayenda konse, naona. Nine Ba Fumbi, si ine? Nakuvomeleza."

Anandiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndikumuyesa. Kenaka ananjuta, anatambasula chala chimodzi, anakhudza mchenga n'kuchibweza msanga. Anachiyang'ana chalacho, kudikira kuti chichite kanthu. Chitapanda kuchita kanthu anaika dzanja lonse. Nsapato anavula yekha, imodzi, n'kukhala kaye, kenaka inayo. Ataponda anaseka chifukwa mchengawo unkamunyerenyetsa, ndipo kuseka kwake kunali kwa Esnart ndendende. Anayamba kukumba ndi manja awiri ngati kagalu, mchenga uli m'tsitsi, m'makutu, pena m'kamwa momwe, ndipo ine ndinakhala pamanja anga kuti ndisamupukute. Misozi inatsika, sindibisa. Ana ena anabwera, sanafunsane maina, anangoyamba kukumba naye.

Titabwerera ndinaitana Tisa ndi mwamuna wake. Ndinawauza za mankhwala, za kukayezetsa magazi nthawi ndi nthawi, za zakudya zimene mwanayo ayenera kudya. Ndinalankhula ngati ndili pantchito chifukwa njira ina ndikanalephera kumaliza. Selemani anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Atate, uyu ni first born wathu." Taonga ndinamuuza ndekha kuti atsala ndi amayi ake aang'ono, ife tizibwera kudzamuona. Anafunsa ngati ku Kigamboni amaloledwa kukumba tsiku lililonse. Ndinati inde. Anati basi.

Tsiku lonyamuka ndinali nditakonzeka kuti mwana adzalira, adzandigwira mwendo, ndipo ndinali nditakonza mawu omutonthoza. Bajaji itafika, Taonga sanali pakhomo. Tisa anachita kukamuitana kuseri kwa nyumba ya aneba, ndipo anabwera akuthamanga, mawondo oyera ndi mchenga, anzake awiri akumudikira pakanjira. Anakumbatira agogo ake aakazi, anandikumbatira ine mofulumira, nati, "Ambuye, muyende bwino, ka? Banilindila." Ndipo anathamanga.

Ndinakhala m'bajajimo khosi litapotokera kumbuyo mpaka tinakhota. Sanacheuke. Ndinamukwiyira mwana ameneyo njira yonse mpaka ku Mbeya, ndipo kuyambira pamenepo mpaka lero ndimathokoza Mulungu kuti sanacheuke.